Tirigu mu Ufa wa Deolinda

Ola lachisanu ndi chimodzi la m'mawa linapeza Deolinda atagwada kuseri kwa nyumba, akutsuka lata la ufa. Linali lata lalikulu, lakale la mafuta ophikira, lomwe mwamuna wake Armindo analipangira chivundikiro cha thabwa. Ufa unali utatha dzulo lake, watsopano unali pamphasa kudikira dzuwa, ndiye anati alitsuke liume asanathiremo wina. Ku mgodi wa malasha belu linali litalira kale, kusonyeza kuti ogwira ntchito usiku atuluka pansi, ndipo Armindo afika posachedwa. Madzi ake osamba anali pamoto.

M'nyumbamo munalibe mwana. Rosária, mwana wawo mmodzi yekhayo wa zaka zisanu, anali atagona masiku anayi kwa azakhali ake a Piedade, ali ndi bala pachipumi lomwe anamupatsa ndi mayi ake omubala. Loweruka akuluakulu a mbali zonse ziwiri anali kudzakhala pansi kuti aone ngati Deolinda apitirize kulera mwanayo, kapena abwerere kwawo ku Zóbuè yekha. Tsikulo linali Lachitatu.

Anathira madzi m'latamo nalowetsa dzanja kuti akokote m'makona. Ufa wa chimanga ukanyowa sukangamira. Umangosungunuka, madzi n'kuyera, ukakhuthula basi zatha. Koma m'mawa umenewo m'kona munatuluka kanthu kena, kotuwa, komata ku zala. Anakatsukuluza, sikanasungunuke. Anakakoka, kanatamuka ngati ulimbo wokolera mbalame, kenaka n'kubwerera.

Deolinda anakhala pansi padothi pomwepo. Sanafunikire kufunsa munthu. Ulimbo wotere anali atautsuka zaka zinayi m'mabeseni a mlamu wake. Unali wa tirigu.

Deolinda anabadwira kumtunda kwa Zóbuè, kumene chifunga chimachedwa kuchoka m'minda. Anali wachitatu mwa ana asanu ndi awiri, ndipo ndiye amene ankatunga madzi, kubereka ang'ono ake, ndi kusesa m'tchalitchi ku misau kwa ansembe Loweruka lililonse. Palibe amene amakumbukira kuti anakanganapo ndi munthu ali mtsikana. Amalume ake a Boaventura ankanena kuti Deolinda ukhoza kumuikira mazira pamiyendo m'mawa, madzulo n'kuwapeza onse ali bwinobwino. Kwawo ankadya chimanga, nyemba, mbatata ndi nthochi. Pau, mkate uja wa tirigu, ankangouona patebulo la ansembe akamakolopa pansi.

Armindo anamuona mu 1950, atakwera ku Zóbuè pa galimoto la kampani kudzanyamula matumba a nyemba za kumgodi. Anali Mnyungwe wa ku Benga, wofatsa, wa mano oyera. Kwawo amalowola, ndiye anabwera ndi mbuzi, nsalu ndi makasu. Mayi ake a Deolinda sanakondwe. Anati kwathu kuno mwamuna ndiye amadza kwa mkazi ndipo ana amakhala a mayi, koma mbuzi zikalowa m'khola ana amatulukira pakhomo. Amalume analandira mbuzizo.

Ku Moatize, kumene kunali mgodiwo, Deolinda anapeza kutentha kosautsa ndi fumbi la malasha lomwe linkadetsa zochapa zili pachingwe. Anapezanso a Piedade, achemwali ake a Armindo, mayi wamasiye amene analera mlongo wawoyo makolo atamwalira. A Piedade anali ndi uvuni wa dothi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ankaphika pau wogulitsa pachipata cha mgodi. Mkwatibwi sanauzidwe ndi munthu kuti ntchito yake ndi iti. Anangoipeza ikumudikira. Mbandakucha ankakanda ufa mpaka mapewa kuwawa, n'kutsuka mabeseni, n'kusenza dengu kupita nalo kuchipata, masana n'kukatola nkhuni za uvuni asanayambe za pakhomo pake. Palibe amene ankazitcha ntchito. Kunali kuthandiza alamu. Mikate yopserera ndi yonyenyeka ndiyo ankapatsidwa kuti apite nayo kunyumba, ndipo ankaidya m'mawa ndi masana, akuthokoza.

Chaka chisanathe mimba inayamba kutupa ngati ali ndi pakati pomwe analibe. Ankatsegula m'mimba sabata yathunthu, m'kamwa muli zilonda, nsalu ikumasuka yokha m'chiuno. Zimenezi anthu ankazimvetsa, matenda ndi matenda. Chomwe sanamvetse ndi mtima wake. Tsiku lina anakalipira nkhuku yomwe inajompha mphale mpaka akazi a mzere wonse wa nyumba anatuluka kudzaonerera. Iye ankamva mawu ake akutuluka ngati a mkazi wina amene walowa m'chifuwa mwake popanda kuodira. Zikatha ankalira ndi manyazi, n'kupita khomo ndi khomo kukapepesa. Pachitsime akazi ankamuseka Armindo akamadutsa, ati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Rosária anabadwa mu 1952, wamng'ono ngati botolo. Pambuyo pake Deolinda anapita padera kawiri. Anamwa mizu ya asing'anga atatu, anamwanso mankhwala a njoka za m'mimba, koma ankangotha. Mu 1955 Armindo anamukweza galimoto kupita naye ku Zóbuè, ndipo onse ankadziwa, ngakhale sankanena, kuti akupita kukafera m'manja mwa mayi ake.

Sanafe. Mwezi umodzi uli kwawo, wopanda mankhwala alionse, anayamba kudzuka n'kumapalira nyemba. Ku kachipatala ka ku misau kunali irima wina wokalamba, mmodzi wa asisitere achizungu aja ovala zoyera, amene anamukhazika pabenchi n'kumufunsa kwa nthawi yaitali zomwe amadya kuno ndi zomwe amadya ku Moatize. Irimayo anati kwawo nthawi ya nkhondo mkate utasowa, ana ena amene ankatupa mimba anayamba kuchira pomwe anzawo ankafa ndi njala, ndipo mkate utabwerera anadwalanso. Anamupatsa kachidutswa ka pau, Deolinda akudziwa chomwe akudya. Patapita masiku awiri mimba inadzuka, ndipo tsiku lachitatu anatukwana mng'ono wake chifukwa cha chipande.

"Tirigu si chakudya chako, mwana wanga," anatero irimayo m'Chinyanja chake chopindikapindika. "Ngakhale fumbi lake. Kwa ena ndi chakudya, kwa iwe ndi poizoni. Ukalowa, umatenga masabata kuti utuluke."

Anabwerera ku Moatize ndi sefa yake, chipande chake ndi mtondo wake. Zaka ziwiri zotsatirazo ndi zomwe Deolinda ankazitcha zaka za ukwati wake. Ankakonola, kuviika ndi kusinja yekha chimanga, osapita nacho kuchigayo cha pakantina, sitolo ya pamgodipo, kumene sankadziwa zomwe zadutsamo. Thupi linabwerera. Analima dimba la maungu m'mbali mwa mtsinje wa Revubué. Armindo akachokera kuntchito ankamupeza akuimba, ndipo iye yemwe ndi amene anasema chivundikiro cha lata lija kuti fumbi lisalowe. Kukanda analeka, koma nkhuni ndi madzi a kuuvuni ankaperekabe tsiku ndi tsiku, kuti asaoneke ngati wathawa.

Koma pali chinthu chimene irima uja sankachidziwa. Kuno ukakana chakudya cha wachibale, sunakane chakudya chokha. Wanena kuti muli mankhwala, wamutchula ufiti popanda kutsegula pakamwa. Pa ukwati wa Augusta, mwana wa a Piedade, Pasaka ya 1957 itangotha, a Piedade ananyema pau pamaso pa alendo onse n'kumupatsa mlamu wawo. Deolinda anagwada, anawomba m'manja, anati zikomo alamu koma mukudziwa matenda anga. Anthu anayang'anana. Sabata isanathe pachipata cha mgodi panamveka kuti mkate umene mlamu wake weniweni amaukana muli chiyani? Ena anayamba kukagula pakantina.

A Piedade sanabise mkwiyo wawo. Ankafunsa aliyense wodutsa kuti ndi matenda anji odziwa dzina la wophika. Ankati mtsikana wa kuphiri uja beseni linamulemera, ndiye anakabwereka matenda a azungu kuti azigona mpaka dzuwa litatuluka. Deolinda ankamva zonsezi akutula nkhuni pafupi ndi uvuni wawo.

Mu Setembala matenda anabweranso. Poyamba inali mimba, kenaka mutu unadzaza chifunga, kenaka mkazi wina uja analowanso m'chifuwa. Deolinda anafufuza paliponse. Anataya sefa n'kugula ina. Anakwecha miphika ndi mchenga. Nkhuni anayamba kuzitula kutali ndi uvuni, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake. Nsima inkatuluka yonanda pang'ono, koma anati mwina sanaviike bwino mphale, popeza manja ndi mutu sizinkamvananso. Lata lokha ndilo sanaliganizire, chifukwa linkakhala pansi pa bedi lawo ndipo m'chipindamo munkalowa anthu awiri okha.

Tsiku lina anafunsa Armindo ngati akuona kuti akuyamba misala. Armindo anati ndi kutentha, mvula ikagwa zidzatha.

Pang'ono ndi pang'ono Deolinda anayamba kukhulupirira mlamu wake. Ngati sakudya tirigu koma akupsa mtima chonchi, ndiye kuti tirigu analibe mlandu chiyambire. Woipa ndi mtima wake. Anapita kukalapa kwa ansembe. Anapitanso kwa a Piedade, n'kugwada pafumbi pamaso pa ogula, kupempha chikhululukiro chifukwa chowanyozetsa. A Piedade anati dzuka mlamu, zatha.

Loweruka lapitalo anali pamzere wa madzi kuyambira m'mawa, dzuwa likuswa mutu, mimba ikupota. Atangosenza ndowa, Rosária anamukoka nsalu kuti amuonetse chiwala chomwe anagwira. Ndowa inagwa, madzi onse anatayika. Dzanja linapita Deolinda asanaliganize. Mwana anagwera pamwala, ndipo magazi anatsika kudutsa m'diso mpaka pachibwano. Rosária sanalire msanga. Anangoyang'ana mayi ake, chiwala chili m'manja. A Piedade anamunyamula kupita naye kwawo, ndipo tsiku lomwelo anatumiza mawu ku Benga ndi ku Zóbuè. Deolinda sanatsutse. Ankaona kuti akunena zoona, mwana sali bwino m'manja mwa mayi wotere.

Umu ndi momwe zinalili mpaka Lachitatu lija, pamene anakhala padothi ali ndi kaulimbo pazala.

Armindo anafika ali bii ndi malasha, maso okha ndiwo akuoneka. Deolinda anamuperekera madzi kubafa monga mwa masiku onse. Anaphunzitsidwa kuti mwamuna sumuuza nkhani fumbi la kuntchito lili m'thupi, ndiye anadikira. Atasamba anamuikira tiyi ndi mbatata yophika. Pambali pake anaika kambale kena kali ndi kaulimbo kaja.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Armindo.

"Ndimati mundiuze ndinu, bambo a Rosária. Ndachipeza m'lata langa."

Armindo anaika kapu pansi. Anayang'ana khoma, anayang'ana zala zake, kenaka anayamba kulankhula motsitsa ngati munthu amene akufotokoza za ngozi yomwe inagwera anthu ena. Anati achemwali ake anamupatsa makapu awiri a ufa wa tirigu atakulunga m'pepala. A Piedade akuti anati tingoyesa, akadya osadziwa n'kukhala bwino tidzamuuza, tonse tidzaseka, udani udzatha. Iye anatopa ndi kukhala pakati pa akazi awiri, ndiye anavomera. Anathira Lolemba, Deolinda atapita kumtsinje kukachapa. Ufa utatha, atasinja wina, anathiranso. Kenaka anathiranso.

Deolinda anawerenga Malolemba aja mumtima. Zovala zomwe ankapita nazo kumtsinje zinali za Armindo yemweyo, zolimba ndi thukuta la pansi pa nthaka, zomwe ankazimenyetsa pamwala mpaka zala kusupuka.

"Koyamba ndikumvetsa," anatero. "Munkafuna kuona. Ndiye munaona. Kachiwiri munkafuna kuonanso chiyani?"

Armindo anati achemwali ananena kuti koyambako zinangokumanizana ndi kutentha, kuti kuyesa kamodzi sikokwanira. Anati pambuyo pake anachita mantha, sanadziwe poyambira kunena, ndipo tsiku lililonse lodutsa linkalemeretsa pakamwa pake.

"Ndinakufunsani ngati ndikupenga. Munati ndi dzuwa."

Deolinda anapitiriza.

"Ndinagwada kwa alamu pafumbi, inu muli chiimire pambali ndi njinga. Munandimva ndikupepesa."

"Ndinkafuna kukuuza tsiku limenelo, Deolinda."

"Loweruka mudzanena pamaso pa amalume?"

Kunja sitima ya malasha inkadutsa, ndipo Armindo anadikira mpaka ngolo yomaliza. Kenaka anati adzalankhula ndi achemwali ake paokha, adzawapempha kuti mwana abwerere popanda zambiri. Deolinda ankadziwa kumene nkhani za paokha za anthu awiriwa zimathera. Anafunsanso funso lomwelo.

"Achemwali anandilera," anatero Armindo. "Ndikawayalutsa pagulu adzaimanso bwanji pachipata paja? Ndiponso ufa sunamenye mwana. Dzanja linali lako."

Kutentha kunanyamuka m'mimba mwa Deolinda kukwera pachifuwa mpaka m'makutu. Anaona ketulo ya tiyi ili pafupi ndi dzanja lake lamanja, yodzaza, yotentha. Tsopano ankadziwa dzina la chimene chinkamukwera, ndi khomo lomwe chinalowera, koma kudziwako sikunachiziziritse ngakhale pang'ono. Anakhalira manja ake onse awiri mpaka anachita dzanzi.

"Dzanja linali langa," anatero. "Chimenecho ndidzanena ndekha, sindidzadikira kuti munthu andinenere."

Anatenga kambale kaja n'kutuluka.

Khomo loyandikana nalo linali la a Hortênsia, mkazi wa wogwira ntchito kunjanji, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ndiwo anaimira Rosária paubatizo, ndiye awiriwa ankaitanana komadre. Anawapeza pakhonde akupala nsomba, mamba ali mbwee mpaka m'zigongono.

"Komadre, mwandibweretsera chiyani m'kambale kakang'ono chonchi? Kapena mwamva kuti ndikufuna kuonda?"

Deolinda anangowapatsa. A Hortênsia anapukuta zala pansalu, anatsina kaulimboko, anakakoka, anakanunkhiza. Nthabwala zinatha pankhope pawo. Anafunsa kumene kachokera, ndipo Deolinda anawauza zonse mwachidule, ataimirira.

"Amuna a kumgodi awa," anatero a Hortênsia, "pansi pa nthaka amaona ndi kanyali kakang'ono, akatuluka padzuwa ndi akhungu. Gwirani nsombazi, ndikamuonetse Piedade uvuni wake mmene umaphikira anthu."

Anali atamanga kale nsalu m'chiuno, koma Deolinda anawagwira mkono. Anati ayi, phokoso ndi lomwe a Piedade akufuna. Anati kambaleka adzakaika yekha pamaso pa amalume ndi akuluakulu a ku Benga, adzapempha kuti abweretse ufa wa chimanga ndi wa tirigu autsuke onse akuona, ndipo adzafunsa mwamuna wake funso limodzi anthu akumva. Akakhala chete, akuluakulu adzaumva okha uchetewo. Adzanenanso za bala la mwana wake mosabisa kanthu.

Chomwe ankaopa chinali china. Ufa womaliza wa m'latamo anaudya dzulo lomweli. Loweruka linali patsogolo ndi masiku atatu okha, ndipo chinthucho chidzakhala chidakali m'thupi. A Piedade ankadziwa pomutsina. Adzatchula mimba ziwiri zinapita padera zija, adzatchula mayi ake, adzaseka pang'ono. Iye akangokweza mawu kamodzi, akuluakulu sadzaonanso kambale. Adzangoona mkazi wolusa amene anang'amba chipumi cha mwana, ndipo Lamulungu adzakwera galimoto la ku Zóbuè yekha.

A Hortênsia anakhalanso pansi. Anamusunthira mpando, koma Deolinda anagwada pambali pa beseni la nsomba.

"Komadre, sindikupemphani kuti mukandilankhulire. Loweruka mubwere mudzakhale pamphasa pafupi ndi ine, mbali ya kumanja. Mukadzamva mawu anga akuyamba kukwera, mudzandigwire dzanja ili, mudzalipanikize pansi mwamphamvu, ngakhale ndikakutukwanani. Musadzalisiye mpaka nditamaliza kunena."